Diso la Kumanja la Amai

Botolo lija linali la galasi lobiliwila, lopanda pepala, ndipo linkakhala pamwamba pa chipupa m'chipinda cha amalume, pomwe udzu wa denga umakumana ndi dothi. Chotsekela chake chinali chitsononkho cha chimanga. Pakangopita mwezi chitsononkhocho chinkada bii ngati chagwela pamoto, n'kuyamba kufumbutuka, amalume n'kuthyola china n'kutsekela. M'botolomo munali asidi wa batili. Ukaliyang'ana padzuwa unkangoona madzi oyela ngati akumwa, koma mathalauza onse a amalume anali ndi timabowo pantchafu, pomwe timadontho tinkagwela akamathila asidiyo m'batili la galimoto limene linkaliza wailesi yawo.

Diso la kumanja la amai linafa chilimwe chimene ndinali mu giledi seveni. Ku Ndake mukafunsa nkhalamba zimene zikukumbukila, zidzakuuzani kuti analipha ndi mlongo wawo. Apolisi analemba choncho, a mpingo anapemphelela choncho, ndipo amai anapita kumanda osasinthako ndi liwu limodzi lomwe. Ine ndatopa nako kuvomeleza ndi mutu.

Tinali anthu a kutsidya kwa malile, a ku Mozambiki. Atate anaphedwa ndili ndi zaka zisanu, masana dzuwa lili pamutu, pabwalo la nyumba yathu. Anthu a mfuti amene anabwela tsiku limenelo sanafune kuononga chipolopolo, anangotenga munsi umene amai anausiya mumtondo. Phokoso lake ndimalikumbukila, nkhope ya atate ayi. Tinayenda m'tchile masiku ambili mpaka tinafika ku msasa wa othawa nkhondo cha ku Petauke. Amalume anatipeza patapita zaka ziwili, opanda khutu la kumanzele, ndipo sanatiuze konse amene analidula. Pambuyo pake a mpingo anatipezela kamunda ku Ndake, m'dela la Nyimba, ndipo tinasamukila kumeneko tonse atatu.

Inali nthawi ija zipani zitachuluka, aliyense akuimba nyimbo ya chipani chake pamseu. Masitolo a pa boma amene kale ankangoonetsa mashelefu anadzaza ndi katundu wakunja, zovala zakale za salaula zili mbwee pansi pa mitengo. Koma a kopaletivu analeka kubwela kudzagula chimanga, ndipo sopo wa m'sitolo anali wongodyetsa maso. Apa m'pomwe amai anapezela podyela. Ku msasa kuja anaphunzila kupanga sopo, ndiye Loweluka lililonse ankapanga, n'kumakagulitsa pa Nyimba pomwe mabasi a ku Lusaka amaima, pafupi ndi azimai a nthochi.

Kupanga sopo n'kusewela ndi chilombo. Soda wa kositiki ankabwela m'kathumba, woyela ngati mchele wa miyala. Amai ankamuthila pang'onopang'ono m'ndowa ya pulasitiki ya madzi ozizila a pachitsime, akutakasa ndi mthiko wautali, ndipo madziwo ankatentha okha popanda moto, nthunzi yake ikukanda kukhosi. Poto wa aluminiyamu sankamufuna pafupi, chifukwa soda anali atadyapo mmodzi mpaka kubooka. Madziwo akazizilako ankasakaniza ndi mafuta a mpendadzuwa ndi a ng'ombe a ku butchala, n'kutakasa mpaka mkono kulema, mpaka zitalimba ngati phala la mwana, n'kukhuthulila m'bokosi la matabwa. Ankadula ndi waya, n'kuyanika pathandala milungu inayi. Ikatha milunguyo ankagunditsa nsonga ya lilime pa sopoyo. Akaluma lilime ndiye kuti sanapse, abwelele pathandala. Mthiko uja unali utayela ndi kunyenyeka chifukwa cha ntchito imeneyi.

Pambali pa ndowa ya soda pankakhala ndowa ina ya madzi okhaokha, ndipo pakhonde pankakhala mtsuko wodzaza. Lamulo la amai linali limodzi, ndipo ankalibweleza Loweluka lililonse mpaka kundinyansa: "Akakugwela, madzi. Osapukuta, osadzola kanthu. Madzi okha, mpaka utope." Tsiku lina kadontho kanandigwela pachala. Chalacho chinayamba kutelela ngati ndagwila delele, ndipo amai anandigwila dzanja n'kuliviika m'madzi, kulitsuka, kusintha madzi, kulitsukanso, mpaka ndinalila chifukwa cha kutopa osati ululu.

Koma ine ndinali ndani kuti ndimvele zimenezo? Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wa giledi seveni, nambala wani chaka ndi chaka, wodziwa Chingelezi kuposa ana a eni mudzi amene ankatinena kuti malefuji. Ndinkayenda mphuno ili m'mwamba. Amai sankadziwa kulemba dzina lawo, pa khadi la ku msasa panali chidindo cha chala, ndipo ine, Mulungu andikhululukile, ndinkachita nawo manyazi. Akayamba za madzi zawozo, mumtima ndinkangoti tsabola wakale sawawa.

Aphunzitsi athu anali bambo woonda wa ku Katete, wa shati imodzi yoyela imene ankaichapa Lachitatu ndi Loweluka ndi sopo wa amai. Sukulu yathu inalibe ndi kabotolo kamodzi komwe ka sayansi, koma iwo sankadandaula. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense abwele ndi chinthu cha kukhitchini kwawo. Tinabwela ndi ndimu, bwemba, malambe, phulusa, chidulo, wina mpaka thobwa losasa. Iwo anali atawilitsa timitu tofiila ta ndiwo yowawasa ija ya lumanda, madzi ake ali psuu, ndipo anawagawa m'makapu pa tebulo. M'kapu yoyamba anathilamo chidulo, chija azimai amatcheza paphulusa. Madzi ofiila aja anasanduka obiliwila ngati ndulu tonse tikuona. Kalasi inafuula, wina n'kuthawila pakhomo ati ufiti. Aphunzitsi akuseka anafinyilamo ndimu, ndipo kufiila kunabwelela.

"Zowawasa ndi asidi," anatelo. "Zotelela, monga chidulo ndi soda, ndi alikali. Amai anu akathila chidulo m'lumanda kuti aleke kuwawasa, akuchita sayansi osadziwa." Analemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu kuti asidi ndi alikali zikakumana pamatsala mchele ndi madzi. "Zimaphana. Ukali wa uyu umadya ukali wa uyo."

Mtima wanga unagunda ngati ndaona mngelo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati ndimu angaphe soda wa kositiki wa amai. Anakondwa nalo funsolo, anandiloza ndi choko kuti anzanga aone mwana woganiza. "Ndimu ndi wofooka," anayankha. "Alikali wamphamvu amafuna asidi wamphamvu, monga uja wa m'batili." Pomwepo belu linalila, tonse n'kuthamangila panja. Sindiwaimba mlandu aphunzitsi aja. Anayankha funso limene ndinafunsa, funso la pa bolodi. Za khungu la munthu panalibe amene anafunsa.

Masiku omwewo wailesi ya amalume inkangokamba chimodzi, kuti nkhondo ya kwathu yatha ndipo malole akubweza anthu kuchokela ku msasa. Amalume anapalasa njinga mpaka ku Petauke, n'kukalembetsa maina atatu osafunsa munthu. Kwathu mwamuna ndiye mwini mbumba, ndiye kuti alongo ake ndi ana awo, ndipo kubwelela wekha kumudzi utasiya mbumba kuchilendo n'chimodzimodzi kufika wamaliseche. "Ndikafika ndekha, pamanda a amai ndikanena chiyani?" ankatelo. Yankho la amai silinkasintha: "Achimwene, pitani bwino. Ine pabwalo paja sindidzapondaponso. Mwanayu alemba mayeso."

Kuyambila pamenepo pakhomo pathu panasanduka pa nkhondo. Amalume sankamwa mowa, ndipo n'chimene chinkaopsa kwambili, chifukwa woledzela umadziwa kuti kukacha aleka. Galu wathu anauwa iwo akumvetsela nkhani, ndipo anangodzuka, kutenga khasu, kumenya kamodzi pamutu, n'kubwelela pa mpando kukakweza wailesi, galuyo akuphilipitabe miyendo m'fumbi. Tsiku lina anawaomba amai khofi mpaka dzino linagwedela, amai n'kulavula magazi pambali, n'kupitiliza kupeta. Tsiku linanso anatenga makope anga n'kuwaponya pamoto, ati sukulu ya eni yandisandutsa mlendo. Ndinapulumutsa limodzi lokha, la sayansi, lopsa m'mphepete. Komatu madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza pansi pa mango akusoka nsapato yanga ndi waya, chete, mutu uli pansi. Ndinkawaopa, ndinkadana nawo, ndipo ndi iwo omwe ankandinyamula panjinga mtsinje ukadzaza.

Aneba athu, mai wamkulu thupi wa Chinsenga amene amuna awo anali ndi ngolo ya ng'ombe, anawauza amai kuti apite kwa akulu a mpingo zinthu zisanaipe. Amai anangoti chibale ndi fupa, sichiola. Ndimawakwiyilabe pa mau amenewo.

Tsikulo linali Loweluka, cha m'ma teni koloko m'mawa. Thonje linali litachoka m'minda, tchile litapsa, mphepo ikuulutsa phulusa lakuda pabwalo. Lole yomaliza inkanyamuka Lolemba. Amai anali atangosungunula soda, ndowa ikufuka nthunzi, ine ndikusefa mafuta pa chiguduli. Amalume anatuluka m'nyumba atamanga mabulangeti athu m'mitolo, n'kuiponya pabwalo.

"Mailo m'mawa tinyamuka. Tikagona ku Petauke."

Amai sanadzutse mutu. "Sopo wanga sanapse."

Amalume anamenya ndowa ya madzi ija ndi phazi, madzi onse n'kumwazika m'fumbi. Anawagwila amai pa duku pamodzi ndi tsitsi, n'kuwakokela chagada kulinga ku mitolo ija. Ndipo amai, amene zaka zonsezi sanabwezepo, anatembenuka ndi mthiko uja n'kuwamenya nawo ndi mphamvu zonse pa chipsela pomwe panali khutu. Magazi anatsika mpaka m'khosi. Amalume anatulutsa liwu limene sindinalimvepo kwa munthu, ndipo maso awo sanalinso pabwalo pathu, kaya ankaona ndani. Anawelama, kunyamula ndowa ya soda ndi manja awili, n'kuwakhuthulila amai.

Amai anali atatembenuza nkhope, choncho soda anawagwela mbali ya kumanzele, patsaya, pakhosi ndi paphewa. Anagwa chammbali, tsaya lopsalo atalikanikiza pa chitenje, miyendo ikupalasa pansi. "Madzi! Mwanawe, madzi!" Amalume anangoima, ndowa ili m'manja, akuyang'ana zala zawo.

Ndinathamanga. Mtsuko unali pakhonde, wodzaza mpaka pakamwa, ndinali nditaudzaza ndekha m'mawa womwewo. Ndinaudutsa. Mvetsani bwino, sindinauiwale, sindinasokonezeke mutu, ndinauona n'kuulambalala. M'mutu mwanga munali mowala ngati pa bolodi paja. Madzi ndi nzelu za osaphunzila, ndinaganiza choncho, madzi saphana ndi soda. Ndinalowa m'chipinda cha amalume, kuponda pa batili, kutambasula dzanja, kutsitsa botolo. Chitsononkho chinafumbutukila m'manja mwanga.

Nditagwada pambali pa amai, mbali imene inali pamwamba inali ya kumanja. Kumeneko kunali timadontho towelengeka chabe, pachibwano ndi pakhosi. Diso la kumanja linali lotsegula, lamoyo, lodzaza misozi. Linandiyang'ana, ndipo ndikhulupilila kuti linaona botolo, chifukwa dzanja lawo linayamba kukwela. Ndinati, "Musaope amai, ndikudziwa." Ndinathila kuyambila pamphumi kutsika, mosamala, kuti pasatsale malo.

Pakhosi, pomwe asidi anakumana ndi soda, panalila ngati madzi agwela pa chiwaya chamoto. Chitenje chinada n'kubooka ndikuona. Fungo lake sindilifotokoza. Poyamba amai sanalile, thupi lonse linangopindika, msana kuchoka pansi, zidendene zikukumba dothi, kukamwa kuli yasa popanda liwu. Kenako liwu linabwela, ndipo nkhuku zonse zinathawila kutchile. Ine ndinagwadabe pomwepo, botolo lili m'manja, ndikudziuza kuti mankhwala akamagwila ntchito amawawa.

Amene anandilanda botolo ndi amalume. Analiponya pa mtengo wa mango n'kusweka, kenako anandiomba mbama imene inandigwetsela kutali, khutu likulila. Ndikudzuka ndinaona aneba aja atanyamula mtsuko wonse ngati kapu, akuwakhuthulila amai kumaso. Anawang'ambila zovala pomwepo osasamala amene akuona, anawatembenuza, kuwakanula zikope ndi zala, akufuula Chinsenga kuti azimai onse abwele ndi madzi. Panapangika mzele kuchokela kuchitsime, ndowa, mabeseni, zigubu. Anathila mpaka bwalo lonse linasanduka thope, mpaka amai anayamba kunjenjemela ndi kuzizila pakati pa chilimwe. Anachita ndendende zimene amai ankanena Loweluka lililonse.

Amuna a m'mudzi anawamanga amalume ndi chingwe cha ng'ombe pa mango womwe uja, n'kuwamenya ndi mipini ya makasu. Sanathawe, sanatchinge ndi mutu womwe. Ndinamva mkono ukuthyoka ngati nkhuni youma. Akulu a mpingo atafika ndi pomwe analeketsa, apo ayi akanafela pa chingwe.

Tinafika kuchipatala cha pa boma dzuwa litapendeka, amai atagona m'ngolo, aneba akuwathilabe madzi a m'chigubu njila yonse. Adokotala atayang'ana anakwinya nkhope. Anati pali zilonda za mitundu iwili, mbali iyi zofewa, mbali iyo zouma ndi zakuda, ndipo anafunsa kuti chinathilidwa n'chiyani. Ndinatsegula pakamwa ndi chimwemwe, nthawi yanga itakwana. Dzanja la amai linandigwila pamkono, zikhadabo n'kulowa m'mnofu. Anayankha okha, liwu likutuluka movutika m'milomo yotupa: "Mlongo wanga anandithila soda, kenako asidi. Mwanayu anathila madzi."

Adokotala atachoka ndinawafunsa monong'ona chifukwa chake ananama. Nkhope yonse inali m'mabandeji, ndinkangoona pakamwa. "Wandipulumutsa, mwanawe," anatelo. "Koma zabwino sitilengeza. Usauze munthu." Ndinavomela, koma ndinakhumudwa kwambili.

Ku polisi ananditenga ngati mboni. Amalume anakhala pansi pa simenti, mkono uli m'nsalu, nkhope itatupa mpaka diso limodzi kutsekeka. Wapolisi anawelenga mau a amai, n'kufunsa ngati asidi uja anathilanso ndi iwo. Amalume anandiyang'ana ndi diso lotsala lija nthawi yaitali, ine ndikuyembekeza kuti anenako zoona, kuti wanzelu pabwalo paja anali ndani. Anatembenukila kwa wapolisi. "Ndine. Zonse ziwili ndine." Lole ija inapita Lolemba popanda iwo. Anakhala kundende zaka, anatuluka akutsokomola, ndipo anafela m'dziko la eni lomweli osaonanso manda a amai awo. Sindikuwayeletsa, ndowa ija anainyamula ndi manja awo, ndipo galu uja ndimamukumbukila. Koma pa simenti paja anasenza ndi katundu amene sanali wawo, ndipo sindinawathokoze.

Adokotala anawatumiza amai kuchipatala cha ku Petauke, kumene anakhala milungu isanu, ine ndikugona kwa aneba. Mbali ya kumanzele, imene inalandila ndowa yonse ya soda, inapola ndi chipsela chachikulu chokoka khosi, koma diso la mbali imeneyo linaona mpaka tsiku la imfa yawo. Ndi lomwelo ankalowetsela ulusi pa singano. Diso la kumanja linayela ngati la nsomba yophika, kenako linafota, chikope n'kugwela mkati.

Zoona zake ndinazidziwa patapita zaka zitatu, ku sekondale ku Petauke, kumene kunali labu yeniyeni. Aphunzitsi a kumeneko anasakaniza asidi ndi alikali m'kagalasi, n'kutiuza kuti aliyense agwile kunja kwake. Nditagwila ndinachotsa dzanja msanga, kanali kotentha. Iwo anati zikamaphana zimatulutsa moto, ndipo asidi wamphamvu amaotcha yekha asanapeze n'chophana nacho chomwe, choncho pathupi la munthu osayesa, madzi okha, ambili, nthawi yaitali. Ndinatuluka osapempha, ndinakasanza kuseli kwa labu mpaka kutuluka ndulu. Pa tchuthi ndinagwada pamaso pa amai kuti ndikambe. Sanandilole kumaliza ndi chiganizo chimodzi chomwe. "Analipha ndi mlongo wanga. Tenga ndowa ukatunge madzi." Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka ndinawaika m'manda.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. Chilimwe chija ine ndinali ngwazi imene anthu akuibisa, ndipo chinsinsi chinkandiyabwa pakhosi. Nditabwelela kusukulu ndinapilila masiku awili okha. Lachitatu ana onse atatuluka ndinatsalila, n'kuwauza aphunzitsi zonse, mwadongosolo ngati ndikuyankha mayeso: alikali wamphamvu, asidi wamphamvu, mchele ndi madzi. Ndinawauzanso kuti ndinakumbukila mau awo enieni. Anali akufufuta bolodi, ndipo dzanja linaima. Anakhala pa desiki la mwana wa kutsogolo, mawondo ali m'mwamba. Anandifunsa mbali imene ndinathila, ndinati ya kumanja. Anafunsa diso limene adokotala akuti lavuta, ndinati la kumanja, n'kuwonjezela kuti mwina ndinachedwa pang'ono. Anayang'ana choko cha m'manja mwawo. Kenako anati ndizipita kunyumba.

M'mawa mwake analowa m'kalasi atanyamula ndowa ya madzi. Sitinachite masamu, sitinachite Chingelezi. Anatiimika mmodzimmodzi, aliyense anene chimene angachite mankhwala akamugwela pathupi, a m'batili, a sopo, a thonje, alionse. Woyankha china osati madzi ankamukalipila ndi liwu losasa, iwo amene sankakalipa. Anatichititsa kubweleza pamodzi mpaka a giledi sikisi anabwela kudzasuzumila pa windo. Dzina langa sanalitchule, kumbali kwanga sanayang'aneko. Ndinaganiza kuti achita nsanje poona kuti mwana wagwilitsa ntchito sayansi kuposa iwo.

Lamulungu loyamba amai atabwelako kuchipatala, titaweluka ku tchalitchi, ndinaona aphunzitsi akubwela wapansi, atavala shati yoyela ija, nkhuku ili m'khwapa. Amai anali pakhonde, nsalu itaphimba theka la nkhope. Aphunzitsi sanadikile mpando. Anagwada m'fumbi, pamalo pomwe panali thope paja, mawondo onse awili, munthu wa sukulu pamaso pa mai wosaina ndi chala. Amai anandituma kuchitsime msangamsanga, ngakhale mtsuko unali wodzaza. Ndinazungulila kuseli kwa nkhokwe n'kuima. Mau a aphunzitsi sindinawamve, ankakamba chapansipansi, mapewa akugwedezeka. Ndinangomva a amai, omveka bwino: "Dzukani, aphunzitsi, anthu akuona. Mwana asamve. Alembe mayeso."

Ndinapita kuchitsime nditatupa ndi mkwiyo. Ndinadziwa kuti aphunzitsi asintha maganizo, abwela kudzanena za nzelu zanga, mpaka kugwada, mpaka kulila, ndipo amai akubisanso, monga anabisila kwa adokotala. Ndinatunga madzi mokankha, ndinabwela nawo akutayikila m'njila, ndinatula ndowa mwaphokoso kuti amve.

Nkhuku ija tinadya tsiku lomwelo. Amai anaiphika okha, akupendeketsa mutu kuti diso lotsala lione m'poto, dzanja likuphonya chipande kawili. Anandipatsa ntchafu zonse ziwili. Ndinadya ndi mtima wonse, mpaka kuswa mafupa, ndikudziwa kuti imeneyi ndi mphoto yanga.